Ntchito Imene Inalera Mwana wa Mulungu

Abale ambiri kuno kwa Luembe amandifunsa chimene ndinasiyira ntchito ya makompyuta ku Lusaka, ya malipiro a mwezi ndi mwezi, kuti ndidzagwire sowo ndi nyundo. Amalume anati ndataya sukulu pachabe. Koma mtima wanga unali pa matabwa chiyambire ubwana wanga. Lero ndimapanga zitseko za mlombwa, mipando ndi mabenchi a m'tchalitchi. Ndalama zimaoneka alimi akagulitsa chimanga ndi thonje. M'dzinja banja limapanikizika ndithu. Komabe mtima uli m'malo. Mu 1955, Papa Pius XII anaika tsiku la 1 May kukhala chikondwerero cha Yosefe Woyera Wantchito, mmisiri wa matabwa. Abale, ntchito ya manja tisaichitire manyazi, pakuti ndiyo inalera Mwana wa Mulungu.