Goloboyi wopanda mapushapu ndi chitseko cha udzu

Kwathu kuno kwa Nchilamwela timu ikamagawana malo, pagolo amaponyapo mnyamata amene satha kuthamanga. Ati bola akhale wamtali. Ine ndagwirapo pagolo m'mabwalo a m'maesiteti a tiyi, ndipo ndikukuuzani, kutalika kokha sikugwira mpira.

Mabwalo athuwa ndi katondo weniweni. Mu Okutobala amauma gwaa ngati simenti. Ukadumpha, zoyamba kufika pansi ndi dzanja, chigongono ndi phewa, ndipo mdani sadikira kuti uzisisite. Uyenera kudzikankha ndi manja omwewo, dzambatu, asanabwereze kumenya. Nanga pushapu n'chiyani ngati si kudzikankha kuchoka pansi?

Sizilira ndalama izi. Ine ndinkapanga khumi katatu m'mamawa, msana uli woongoka, chifuwa mpaka kufumbi. Achimwene othyola tiyi amati ntchito inawalimbitsa kale. Zoona, koma dengu limalimbitsa msana, osati mikono yokankhira.

Vuto n'lakuti goloboyi sitimuwerengera. Mu 2010 ma Flames atakwapula Algeria 3-0 ku Angola, tinavinira zigoli zitatuzo usiku wonse. Ziro uja, wa Swadick Sanudi, anamuvinira ndani?