Lowetsani mkono m'khwapa musanaganize zogwetsa

Amene angoyamba kumene masewera ogwetsana, kaya ndi jiu-jitsu ya ku Brazil kapena Greco-Roman, amathamangira kuphunzira kagwetsedwe kochititsa kaso. Ine ndikuti ayambe ndi kulimbirana mkati: mkono wako ulowe m'khwapa mwa mnzako, dzanja ligwire pamsana pake. Phindu lake limaoneka ndi maso. Mkono ukalowa, phewa lake limakwera, chigongono chake chimatalikirana ndi nthiti, ndipo chiuno chako chimapeza njira yoyandikira chake. Iye amatsala akukumbatira kunja, mphamvu zake zikungothera pamapewa pako. Mu Greco-Roman, momwe malamulo amaletsa kugwira kumunsi kwa chiuno, olimbana amakhalitsa chifuwa ndi chifuwa akusinthanasinthana mikono, poti wopeza mkati ndiye amalamula kolowera.

Ena amati wakunja nayenso ali ndi chida, atha kupana mkono wolowawo ndi khwapa lake n'kukugwetsera pomwepo. N'zoona, akatswiri amachitadi zimenezo. Koma kupanako kumaluma kwambiri pamene wolowa wafooketsa mkono, mutu atauweramitsa. Choncho mankhwala ake ndi kulowa mokwanira, mutu utatsamira pansi pa chibwano chake, phewa lako likukankhira lake m'mwamba. Enanso amati kubwerezabwereza zimenezi n'kotopetsa. Komatu mphindi 5 zokha musanayambe kulimbana, mofatsa, inu mkono mkati mnzanu mkono mkati, zimazoloweretsa thupi kutseka zigongono ndi kulowa msanga mpata ukangotseguka. Makochi, yambirani pamenepa ndi ophunzira anu.