Chitseko cha Hilux yathu

Pa wailesi yathu tili ndi motoka imodzi chabe, Hilux yakale imene imanyamula masipika ndi jenereta tikapita kukajambula mapulogalamu m'makomboni. Kwa miyezi yambiri chitseko cha dalaivala sichinali kutsekeka ukangochikankha. Unayenera kuchinyamula pang'ono ndi bondo, ndiye n'kuchimenya kawiri. Tinazolowera, mpaka wobwera kumene tinali kumuphunzitsa ngati ndi mbali ya ntchito.

Tsiku lina, pokhota titangotsika pa hampu, chitseko chinatseguka chokha. A dalaivala anapulumuka chifukwa cha lamba. Tonse tinakhala chete. Ndife amene sabata iliyonse timakamba pa maikolofoni kuti anthu azisamala pamsewu.

Poyamba tinalakwitsa. Tinamasula kachitsulo kapamphuthu kamene loko imagwira, n'kukatsitsa kuti kakumane ndi chitseko. Zinayenda milungu iwiri, vuto n'kubwerera.

A makanika a m'komboni mwathu sanagwire sipanala n'komwe. Anatsegula chitseko pang'ono, anachigwira pansi chakumapeto, n'kuchikwezera m'mwamba.

"Yang'anani pa hinji, osati pa ine," anatero.

Tinaona hinji yapamwamba ikusewera, kwinaku ikulira kho, kho. Anatifotokozera kuti m'hinji muli pini, ndipo pini imazungulira m'timabushi. Timabushito ndi tofewa dala kuti tizitha ito, hinji isathe. Fumbi likalowa, girizi n'kuuma, timadyeka. Pa hinji kusewerako kumaoneka kochepa, koma kumapeto kwa chitseko kumakula, ndiye chifukwa chake chimagwa n'kuphonya loko. Ukachedwa, pini imayamba kudya bowo la hinji mpaka litafanana ndi dzira, ndipo apo bushi yatsopano siikhalanso. Umafunika wowotcherera kapena hinji ina. Ife tinatsala pang'ono kufika pamenepo.

Ntchito yake ndi ya anthu awiri kapena atatu, pakuti chitseko n'cholemera kuposa mmene chimaonekera. Tinachichirikiza pa jeke, titaika thabwa ndi nsanza kuti penti isakalike. Mmodzi anachigwira, maso ali pa mawaya olowa m'chitseko kuti asaduke. A makanika anatulutsa pini ndi panchi, hinji imodzi ikatha ndiye inzake. Mabushi atsopano anakana kuwakhoma ndi hamala, akuti amang'ambika. Anawalowetsa pomanga bauti ndi mawashala pang'onopang'ono, n'kupaka girizi. Pomaliza tinabweza kachitsulo kaja pamalo pake, pamene tinakachotsa ndi nzeru zathu.

Asanatipatse makiyi anatifunsa kuti ndani amakonda kutsamira pa chitseko chotsegula akamayankha foni. Palibe anayankha, chifukwa ndife tonse. Manje chimatsekeka ndi chala chimodzi, koma a dalaivala akali kukweza bondo asanachikankhe.