KUSANKHA KAMZINDA KOGONAMO PA MAPIRI A KU ITALY

Dziko la Italy lili ndi mtandadza wa mapiri ochedwa Apennine umene unayala pakati pake ngati msana wa ng'ombe. Munthu woyenda pa sitima ya pamtunda kucokera ku Roma kulowera kumpoto, akafika m'zigawo za Umbria ndi Tuscany, amaona minda ya tirigu, mpendadzuwa, mphesa ndi fodya m'zigwa. Koma akafuna kuona midzi yakale ayenera kukweza maso. Midziyo ili pamwamba pa mapiri ndi zitunda. Nyumba zake ndi zamiyala, zothinana, zozingidwa ndi linga, ndipo pakati pake pamaoneka nsanja ya chalichi.

Makolo a anthu a ku Italy sanakwere mapiriwo cifukwa cokonda kupenya patali. Anali kuthawa zinthu ziwiri. Coyamba cinali nkhondo, pakuti kwa zaka mazana ambiri mzinda uliwonse unali ndi asilikali ake ndipo unali kumenyana ndi unzake. Akuluakulu a m'cigawo ca Kum'mawa amene anamva kwa agogo ao za m'mene Acewa anali kubisalira m'mapiri ndi kumanga malinga pa nthawi ya nkhondo za Angoni angamvetse msanga nzeru imeneyi. Caciwiri cinali malungo. Anthu anali kuganiza kuti nthendayi imadza ndi mpweya wa m'madambo, osadziwa kuti ndi udzudzu. Ndipo dzina lakuti malaria, limene madokotala amachula, linacokera ku mau a Citaliyana otanthauza mpweya woipa. M'caka ca 1970 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza kuti malungo atha m'dzikomo.

Tsopano mapiri amene anali pothawira asanduka pocezera alendo. Timizinda totere tilipo mazanamazana, ndipo kalikonse kali ndi ulemerero wake. Cotero mlendo amene ali ndi masiku owerengeka ndi thumba losalemera amakumana ndi funso lovuta: agone m'kamzinda kati?

Funso limeneli linagwera banja lina la m'boma la Katete m'caka ca 2025. Abambo a m'banjamo ndi mphunzitsi wamkulu amene anapuma pa nchito, ndipo akazi ao ndi mlimi wa nshawa ndiponso mmodzi wa amai a m'gulu la pa chalichi ca Katolika. Mwana wao wamkazi, amene ndi namwino pa cipatala cina ku Milan, anasunga ndalama zaka zinai kuti makolo ake akaone dziko limene iye agwirako nchito. Anapatsidwa chuthi ca masiku 10. Masiku atatu anawapatulira mzinda wa Roma, ndipo za otsalawo anauza makolo ake pa lamya kuti: "Atate ndi amai, ndalama zimene ndili nazo zikwanira malo amodzi okha. Sankhani kamzinda kamodzi, tikakhalemo mlungu wathunthu."

Nkhaniyo inafunika kuithetsa msanga. Mzika ya Zambia siingalowe m'dziko la Italy popanda viza, ndipo pofunsira vizayo ayenera kuonetsa makalata osonyeza kumene adzagona. Ulendo wotere, kwa anthu a zaka zao, sucitika kawiri.

Abambowo anali atasankha kale mumtima. Zaka zambiri anali kuonetsa ana a sukulu cithunzi ca San Gimignano, kamzinda ka ku Tuscany kochuka ndi nsanja zamiyala. Kale mabanja olemera a kumeneko anali kupikisana pomanga nsanja, banja lililonse kufuna kuti yake ipose ya mnzake, mpaka zinafika 72. Lero zatsala 14. Anachulanso Civita di Bagnoregio, kamudzi kokhala pamwamba pa thanthwe limene lili kugumuka pang'onopang'ono cifukwa ca mvula ndi mphepo, kotero kuti eni dziko amakachula kuti mzinda umene uli kufa. "Amai," anatero abambowo, "munthu akapita kutali ayenera kukaona cimene kwao kulibe."

Mwana wao anawayankha mwaulemu koma mosabisa. Ku San Gimignano sikufika njanji. Mlendo amatsika sitima pa Poggibonsi ndi kudikira basi. Masana misewu yake imadzaza ndi alendo obwera pa mabasi akuluakulu, ndipo zipinda zogonamo ndi zokwera mtengo. Ku Civita nkovutirapo: njira yolowera ndi ulalo umodzi wa oyenda pansi, wotalika mamita ngati 300, umene umakwera citunda cakumapeto kwake. Okhalamo caka conse sakwana 20, ndipo kuyambira mu 2013 mlendo amalipira polowa. "Atate, ndani adzasenza masutukesi pa ulalo umenewo? Nanga maondo a amai?" Apa abambowo anakhala cete, pakuti anali kudziwa bwino kuti akazi ao amavutika ngakhale kukwera ngolo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amaiwo mtima wao unali pa Assisi, kwao kwa Francis Woyera. Kamzinda kameneka kali m'mbali mwa phiri la Subasio, m'cigawo ca Umbria. Francis, mwana wa munthu wolemera wogulitsa nsalu, anasiya cuma ca atate ake ndi kusankha umphawi, ndipo anamwalira pa 3 Okutobala 1226. Chalichi cacikulu cimene cili pa manda ake anayamba kucimanga mu 1228. Civomezi ca pa 26 Sepitembala 1997 cinagwetsa mbali ina ya denga lake ndi kupha anthu anai, koma cinakonzedwa ndi kutsegulidwanso mu 1999. Osunga chalichico ndi ansembe a cipani ca Franciscan Conventual, cipani comweco cimene cinatumiza amishoni a ku Italy ku Ndola kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930. Mtsogoleri wao, Francis Mazzieri, ndiye anakhala bishopu woyamba wa Ndola. Ndiponso ndi ku Assisi kumene Papa John Paul II anasonkhanitsa atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana kuti apempherere mtendere pa 27 Okutobala 1986, zaka zitatu asanaceze ku Zambia.

"Abambo," anatero amaiwo, "nsanja za anthu onyada ndikazione cifukwa ninji? Ine ndifuna kukagwada pa manda a munthu amene anataya zonse." Mau amenewa anawapweteka abambowo, ndipo masiku awiri nkhani ya ulendo siinachulidwe m'nyumbamo.

Komatu Assisi nayenso ali ndi zake. Sitesheni ya sitima ili m'cigwa, pa Santa Maria degli Angeli, ndipo kucokera pamenepo munthu amakwera basi kupita kuphiri. Misewu ya m'kati ndi yokwera ndi yotsetsereka. Cakaco cinali Caka Coyera ca Akatolika, ndiponso pa 7 Sepitembala Papa Leo XIV analengeza kuti Carlo Acutis, mnyamata amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndi woyera. Thupi lake lili ku Assisi komweko, cotero unyinji wa alendo unali waukulu. Nyumba za masisitere zolandira alendo, zimene mtengo wake ndi wocepa, zimene mwanayo anafunsako zinali zitadzaza kale.

Mwanayo anayesa kuika kamzinda kacitatu pakati pa makolo ake, ndiko Orvieto. Kameneka kali pamwamba pa thanthwe lalikulu, pa njanji ya pakati pa Roma ndi Florence, ulendo woposa pang'ono ola limodzi kucokera ku Roma. Pa sitesheni pali ngolo yokokedwa ndi cingwe ca citsulo imene imakweza anthu mpaka pamwamba, ndipo pamwambapo misewu yambiri siyokwera kwambiri. Chalichi cake cacikulu anayamba kucimanga mu 1290. Koma cimene cinakopa abambowo cinali citsime. Pamene adani anafunkha Roma mu 1527, Papa Clement VII anathawira ku Orvieto, ndipo poopa kuti mzindawo ungasowe madzi ukazingidwa, analamula mmisiri Antonio da Sangallo kukumba citsime cakuya mamita oposa 50. Mmisiriyo anaikamo makwerero awiri ozungulira osakumana, kuti abulu otsikira kumadzi asagundane ndi abulu okwera ndi madzi. Munthu aliyense amene anaimapo pa mzere wa pa mjigo m'mwezi wa Okutobala angayamikire nzeru yotere.

Cobvuta cinali cakuti Orvieto ali pa njanji ina, ndipo kupita ku Assisi ndi kubwerako kukanadya tsiku lathunthu. Abambowo anafunsa ngati sikungatheke kugona usiku umodzi kuno, wina uko, kuti aliyense aone cake. Mwanayo anawerengera mtengo wa sitima ndi mabasi, msonkho waung'ono umene mizinda yambiri imalipiritsa mlendo pa usiku uliwonse, ndi cakudya ca m'malesitilanti, pakuti woyendayenda sangaphike. Anawakumbutsanso kuti kubwereka galimoto sikuthandiza kwambiri, cifukwa m'kati mwa mizinda yakale magalimoto a alendo saloledwa, ndipo makamera amajambula wolakwa. Ndalamazo sizinakwane. Amaiwo ndiwo anatsiriza: "Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada."

Pamenepo banjalo linaleka kufunsa kuti kamzinda kokongola koposa ndi kati, ndi kuyamba kufunsa mafunso a anthu amene afuna kukhala pamalo. Kodi kucokera pa sitima kufika pa khomo la nyumba pali mtunda wotani, ndipo ndi wokwera motani? Kodi pafupi pali sitolo ya ufa, nyemba ndi ndiwo zamasamba, kapena masitolo onse ndi a mphatso za alendo? Kodi dzuwa likalowa, mabasi atacoka, mumatsala eni mudzi? Mafunso amenewa ndiwo anawafikitsa ku Spello, dzina limene abambowo anali asanalionepo m'buku lililonse la sukulu.

Spello ali m'mbali mwa phiri lomwelo la Subasio, ndipo anthu a m'dera lake ndi ngati 8,000. Sitesheni yake ili m'tsinde mwa phiri, mtunda woyenda pansi, ndipo sitima imatenga mphindi ngati 10 kufika pa sitesheni ya Assisi. Cipata cake ca kumunsi, Porta Consolare, cinamangidwa ndi Aroma akale zaka zoposa 2,000 zapitazo. M'chalichi ca Santa Maria Maggiore muli zithunzi zimene Pinturicchio anajambula pa zipupa mu 1501. Kamzindaka kamadziwika ndi mafuta a azitona ndiponso ndi maluwa: pa cikondwerero ca Thupi ndi Magazi a Ambuye anthu amacezera usiku wonse kuyala zithunzi za maluwa m'misewu kuti mdipiti udutsepo m'mawa. Nako ndi kokwera, pakuti walira mvula walira matope. Koma mwanayo anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ndi khichini kumunsi, pafupi ndi cipata. Abambowo anawalonjeza kuti pobwerera ku Roma adzatsika pa Orte, pamene njanji ziwiri zimakumana, ndi kupatukira ku Orvieto kukaona citsime.

Anasankhanso nyengo mosamala. Mwezi wa Ogasiti ndi wotentha kwambiri, ndipo ndi pamene eni dziko ambiri amapita ku chuthi, makamaka pa 15, cotero mitengo imakwera. Pa 4 Okutobala ndi tsiku la Francis Woyera, pamene Assisi amasefukira. Iwo anapita cakumapeto kwa Okutobala, nthawi yoyamba kukolola azitona.

Mlunguwo unawaphunzitsa zimene mlendo wa tsiku limodzi sangazione. Buledi wa ku Umbria amaphikidwa wopanda mcere, ndipo tsiku loyamba amaiwo anaganiza kuti wophika anaiwala. Masitolo ang'onoang'ono amatseka masana ndi kutsegulanso cakumadzulo. Dzuwa likapendeka eni mudzi amatuluka kukayenda pang'onopang'ono mumsewu waukulu, kupatsana moni, okalamba atakhala pa mabenchi. Amaiwo anapeza ufa wa cimanga wacikasu umene Ataliyana amaphikira polenta, naphika nsima yao ndi nyemba. Anapita ku Assisi m'mamawa katatu, anthu asanaculuke, ndi kubwerako nthawi ya nkhomaliro kudzapumitsa maondo. Abambowo anathera masana awiri m'mphepete mwa munda wa azitona, kupenya m'mene alimi amayalira maukonde pansi pa mitengo ndi kupululira zipatsozo, nafunsa mafunso kupyolera mwa mwana wao. Anamvanso dandaulo limene analizindikira msanga: m'midzi yambiri ya kumapiri anyamata ndi atsikana anapita kumizinda ikuluikulu kukafuna nchito, monga momwe a ku Katete amapitira ku Lusaka ndi ku Migodi, ndipo minda yatsala m'manja mwa okalamba.

Nsanja za San Gimignano abambowo sanazione, ndipo sabisa kuti mpaka lero zimawakumbutsa kanthu akaona cithunzi cija. Koma citsime ca Orvieto anatsikamo mpaka pa madzi, akuwerenga makwerero 248, akazi ao atakhala pa mthunzi pamwamba. Cithunzi cimaonetsa kamzinda monga kaonekera kwa munthu woima patali m'cigwa; sicinena za mtunda wa pakati pa sitima ndi khomo, kapena za mtengo wa nyemba, kapena ngati wogulitsa buledi adzamzindikira mlendo pa tsiku lacitatu. Amene asankha pogona ayenera kuyeza phirilo ndi miyendo ya wofooka koposa pa ulendowo, ndi thumba la amene alipira.