Bondo Langa ndi Nkhata Zache

Chaka chatha ndinapotokola bondo podumpha ngalande, ndipo kugwada kunandikanika. Akulu a kwathu anati titemepo mphini, koma ine ndinanka ku chipatala.

Dotolo anandiuza kuti m'bondo liri lonse muli tinkhata tiwiri, tokhala pakati pa mafupa monga nkhata ikhala pakati pa mutu ndi mtsuko. Ndipo kanga kamodzi, koperepeseka kale, kanang'ambika. M'mphepete mwache mwa kunja mufika mwazi, chotero pong'ambika pamenepo pangathe kupola, kapena kusokedwa. M'kati simufika mwazi: m'menemo angosenga chong'ambikacho, polowetsa tizitsulo ndi kagalasi kounikira pa timabowo tating'ono. Koma nkhata yosengedwa simeranso, ndipo mafupa angayambe kukhulana msanga.

Ine ndinaumirira mpeni, poyesa kuti ndiwo mankhwala eni eni. Iye anakana. Anati m'chaka cha 2013 madotolo a ku Finland analengeza za anthu 146 a nkhata zoperepeseka: ena anawasenga, ena anangowaboola osasenga kanthu, ndipo magulu onse awiri anapeza bwino chimodzimodzi. Mpeni uyenera makamaka pamene bondo lamangika, losawongoka.

Ziriponso jekeseni za mwazi wa mwini wache, umene ayamba aupukusa m'makina. Mtengo wache ngwaukulu, ndipo umboni wakuti zilumikiza nkhata ukali wochepa. Mbuzi zanga sindinagulitse.

Anandiphunzitsa kulimbitsa minofu ya m'ntchafu m'mawa ndi madzulo. Ndinanyinyirika ndithu, pakuti ndinabwerako wopanda ngakhale botolo. Itapita miyezi itatu ndinakweranso njinga. Kugwada ndigwada tsopano, koma pa kamtsamiro, ndipo podzuka ndigwira benchi.