Ulendo wa ku Cassacatiza: mkulu amene anasiya sikelo n'kutola choko

Inu amene mumatsata pologalamu ya moni pa wailesi mwina mwandimvapo ndikuwerenga mauthenga ochokera ku Cassacatiza opita kwa munthu amene onse amangomutchula kuti Ticha. Sabata ino alemba ndi mayi wogulitsa mandasi, sabata yamawa mnyamata wa njinga yamoto, kenaka mlimi wa fodya, ndipo onsewo mawu awo ndi amodzi, kuthokoza Ticha powatsegula maso. Nditafunsafunsa ndinamva kuti mkuluyu ndi wa ku Zambia, amaphunzitsa Chingerezi, ndipo uphunzitsiwo anauyamba imvi zitatuluka kale, atasiya ntchito ya malipiro a pamwezi. Poti nkhani za m'maluwa sindizikhulupirira, ndinaganiza zokadzionera ndekha.

Ndinakwera shapa m'mamawa mu mzinda wa Tete, mwezi wa Juni uli pakati. Titawoloka Zambezi tinalowa msewu wa N9, umene umatalika makilomita pafupifupi 270 kukafika pa malire. Chigawo choyamba cha ulendowu ndi cha milambe, mbuzi ndi miyala yotentha. Koma mukadutsa Manje, likulu la boma la Chiúta, n'kupitirira mphambano ya Bene pamene pamapatukira msewu wa ku Fingoè, dziko limayamba kukwera ndipo mphepo imazizira. M'midzi mumaoneka zigafa za fodya ndi nkhokwe zodzaza, chizindikiro choti mwalowadi m'boma la Chifunde. Njira yonse tinkakumana ndi magalimoto akuluakulu ochokera ku Zambia, opita ku doko la Beira. Mayi amene ndinakhala naye pampando anali ndi ndalama za mitundu iwiri pa nsonga ya chitenje, metikali mfundo yake, kwacha mfundo yake.

Amene simunafikeko, Cassacatiza ndi malo a fumbi ndi phokoso. Magalimoto amandanda m'mbali mwa msewu kudikira mapepala, ndipo pakati pawo pamayenda osintha ndalama, ogulitsa nsima ndi anyamata onyamula katundu. Mukadutsa chipata mwafika pa Chanida, ndipo msewuwo umakatulukira ku Katete. Mbendera ndi ziwiri koma anthu ake ndi amodzi. Malirewa anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, limene linadula dziko la Achewa osawafunsa eni ake. Mpaka lero mwezi wa Ogasiti mafumu athu amawoloka kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Chimene chimasintha mukawoloka ndi chilankhulo cha papepala basi, kuno Chipwitikizi, uko Chingerezi.

Ticha sanandivute kuwapeza. Mwana woyamba amene ndinamufunsa anandilondolera kuseri kwa golosale ina, kumene ndinapeza chisakasa cha udzu, mabenchi anayi ndi bolodi lopangidwa ndi chitseko chakale chopaka utoto wakuda. Mwini wake ndi bambo wochepa thupi, wa zaka zopitirira 50, wovala malaya oyera ositidwa bwino. Titapatsana moni n'kufunsana mfunda, tinapeza kuti ndife amodzi, choncho anayamba kunditcha mphwanga, ine n'kumawatcha akulu. Nditawauza kuti ndinabadwira ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke, kumene makolo anga anathawira nkhondo, ndi kuti tinabwerera kwathu mu 1994, anaseka n'kunena kuti, "Ndiye mphwanga tabwezerana. Inu munali alendo kwathu, lero mlendo ndine."

Mbiri yawo anaifotokoza mosabisa. Atamaliza Giredi 12 analembedwa ukalaliki pa kampani ina yogula thonje, ndipo zaka zoposa 20 ntchito yawo inali kuyeza mabelo pa sikelo ndi kulemba malisiti. Alimi ena amene ankabwera pa sikelopo anali ochokera m'midzi ya kuno, ndipo iwo ankaona momwe munthu wamkulu, wodziwa bwino masamu a munda wake, ankalandirira pepala n'kulipinda osadziwa chimene lanena. Ena ankawapempha mwakachetechete kuti awawerengere. Atakwanitsa zaka 45 ntchito inayamba kuchepa, makina a kompyuta analowa, ndipo anyamata ankaiphunzira msanga kuposa iwo. Sanadikire kuchotsedwa. Anatsanzika, analandira kangachepe kawo, anagula mabuku akale pa msika wa ku Chipata n'kuwoloka.

Ndinawafunsa kuti, "Akulu, bwanji simunatsegule sukulu kwanu komweko?" Anandiyankha kuti ku Katete Chingerezi chili ngati mango mu Disembala, aliyense ali nacho, ndipo aphunzitsi a masatifiketi ndi ambiri. Kuno n'kumene chili ndi mtengo.

Pamenepa sananame. Dziko lathu la Mozambique lazunguliridwa ndi maiko asanu ndi limodzi, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, ndipo onsewo amagwiritsa ntchito Chingerezi m'maofesi. N'chifukwa chake mu 1995, patangotha zaka zitatu chisainireni mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, dziko lino linalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale silinalamulidwepo ndi Angerezi. Mu 2004 boma linasintha maphunziro ndi kuika Chingerezi kuyambira kalasi yachisanu ndi chimodzi. Kenaka mu 2011 malasha a ku Moatize anayamba kutumizidwa kunja, ndipo achinyamata ambiri anaona kuti wodziwa zilankhulo ziwiri za papepala amapeza ntchito msanga. Koma ife a m'malire sitifunika kupita ku Moatize kuti tione zimenezi. Botolo la mankhwala a mbewu logulidwa ku Katete, khadi la ku chipatala cha St Francis, lisiti la chimanga, zonsezi zimatilankhula m'Chingerezi tsiku ndi tsiku.

Tsono musaganize kuti mkuluyu anangofika n'kuyamba kudya zonona. Walira mvula walira matope. Vuto loyamba linali la mapepala. Iye ankaganiza kuti poti amalankhula Chichewa ndipo ali ndi abale mbali ino, palibe amene angamufunse kanthu. Koma chidindo cha pa pasipoti ndi cha kucheza, si cha kugwira ntchito. Mlendo wofuna kukhala ndi kugwira ntchito kuno ayenera kukhala ndi chilolezo cha ntchito ndiponso chiphaso chokhalira m'dziko, chija timati DIRE. Chaka choyamba chisanathe anauzidwa kuti atseke, ndipo chisakasa chinakhala chopanda anthu miyezi ingapo iye akuyenda ulendo wa ku Tete, kufikira mpingo wina utamuthandiza kulongosola zonse. Ndalama za ntchito yakale zinathera mmenemo. Sanadandaule za akuluakulu a boma, anangoti lamulo analipeputsa yekha.

Vuto lachiwiri ndi la m'thumba. Kale tsiku la malipiro ankalidziwa, lero amadalira matumba a anthu amene nawonso amadalira mvula. Nyengo yogulitsa fodya mabenchi amadzaza ndipo anthu amalipira ndi ndalama. Ikafika Januwale amatsala ndi ophunzira owerengeka, ndipo malipiro ake amakhala chitini cha chimanga, nkhuku kapena lonjezo. Mayi a kunyumba ndi ana anatsala ku Katete chifukwa cha sukulu, choncho amawaona kamodzi pa mwezi. Anandiuza kuti apongozi awo mpaka lero samvetsa kuti munthu wamkulu angasiye bwanji ofesi n'kukakhala m'chisakasa.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi vuto lachitatu. Atangoyamba, ankaphunzitsa monga anaphunzirira iwo, kuima kutsogolo n'kumalankhula Chingerezi chokhachokha, wolankhula Chichewa n'kumamudzudzula. Patatha mwezi umodzi anthu anathawa. Kuonjezera apo, anyamata a ku sekondale ankabwera ndi mafunso a galamala m'Chipwitikizi, iye osamva ngakhale liwu limodzi. Pamenepo anazindikira kuti kudziwa chilankhulo ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Anapita kwa mphunzitsi wina wa pulaimale, mtsikana wa msinkhu wa mwana wake woyamba, n'kumupempha kuti azisinthana, iye apereke Chingerezi, mtsikanayo apereke Chipwitikizi ndi nzeru za kakonzedwe ka phunziro. Zaka ziwiri bambo wa imvi ankakhala pa benchi ndi kope, kulakwitsa ndi kusekedwa. "Mphwanga," anatero, "sikelo sinkandiyankha. Anthu amayankha, ndipo ukapanda kuwamvera amachoka."

Madzulo ndinakhala nawo m'kalasi. Panali anthu khumi ndi awiri, wamng'ono wa zaka ngati 15, wamkulu agogo a ndodo. Buku la tsikulo linali botolo lopanda kanthu la mankhwala ophera tizilombo m'munda. Ticha analemba pa bolodi mawu a pa botolopo, n'kumafunsa m'Chichewa kuti mlingo wa mankhwala ndi wotani pa malita angati a madzi, ndiponso kuti papite masiku angati munthu asanathyole ndiwo. Liwu lililonse ankalilemba katatu, m'Chingerezi, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa. Mayi wina anatulutsa kapepala ka mankhwala a mwana wake, ndipo atawerenga yekha kuti twice a day ndiye kuti kawiri pa tsiku, osati awiri nthawi imodzi, anzake anamuombera m'manja. Iye anaulula kuti kale akanangofunsa woyendetsa galimoto aliyense amene wamupeza pa msewu.

Njira yoyambira pa chilankhulo cha kunyumba si yachilendo m'chigawo chathu. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 njirayi inayamba kulowa m'sukulu zina za m'dziko muno. Ticha sanawerengepo za zimenezi. Anazitulukira yekha ataona mabenchi opanda anthu.

Pocheza usiku ndinawauza kuti kunja kuli anzawo ambiri. Ku Ulaya ndi ku America anthu amasiya ntchito za m'mabanki ndi m'maofesi ali ndi zaka 40 kapena 50, n'kuchita kosi ya milungu inayi monga ija ya CELTA ya ku Cambridge, kenaka n'kupita kukaphunzitsa ku China, Korea kapena Japan. Dziko la Japan linayambitsa ndondomeko yoitana aphunzitsi a Chingerezi mu 1987, ndipo kuno kwathu anthu odzipereka a Peace Corps ochokera ku America anafika mu 1998 kudzaphunzitsa Chingerezi m'masekondale. Iwo anamvetsera mwachidwi n'kunena kuti kusiyana kwake n'kwakuti anzawowo amakwera ndege pomwe iwo anakwera njinga, ndipo akadwala malungo amadziwa mpanda woti agogode. Komabe anavomera kuti akanadziwa, akanayamba wachita kosi ya uphunzitsi asanasiye ntchito, chifukwa zaka ziwiri zoyamba anazitaya pophunzirira pa anthu.

Ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati masiku ena inde, makamaka fizi ya ana ikafunika. Koma anandionetsa kope limene amalembamo maina a onse amene anadutsa pa mabenchiwo. Ena tsopano amathandiza oyendetsa magalimoto kulemba mapepala a pa malire, wina ndi namwino, ambiri ndi alimi amene amawerenga okha lisiti asanachoke pa sikelo. Anati zaka 20 ankalemba mapepala amene eni ake sankawamva, ndiye zaka zotsalazi akufuna kubweza ngongoleyo.

Abale anga, ndikudziwa kuti pakati pa inu pali ena amene ntchito yawatopetsa, ndipo pali ena amene anaphunzira Chingerezi ku Malawi kapena ku Zambia nthawi ya nkhondo n'kumangochisunga m'mutu. Mukafuna kutsata mapazi a mkuluyu, yambani mwalongosola mapepala ngati mukuwoloka malire, sungani chakudya cha miyezi ya njala, gwirizanani ndi a kunyumba, ndipo koposa zonse vomerani kukhalanso pa benchi. Safunsa anadya phula. Nanunso makolo, mwana akamaphunzira Chingerezi musamulole kutaya Chipwitikizi, poti mayeso ndi maofesi a dziko lino ali m'chilankhulo chimenecho, ndipo Chichewa ndicho chimene Ticha amatsegulira nacho zinazo.

M'mawa mwake anandiperekeza pokwerera shapa atanyamula chikwama changa, ngakhale ndinakana kuti si ulemu mkulu kunyamulira mng'ono. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndilengeze kuti amene ali ndi mabuku akale a Chingerezi kapena a Chipwitikizi amene akungodyedwa ndi chiswe, awatumize pa shapa ya ku Cassacatiza, oyendetsa onse amawadziwa. Ndalengeza. Tikumane Loweruka pa pologalamu ya moni, ndipo a ku Cassacatiza pitirizani kulemba.