Tsitsi losemedwa pathabwa ku Jimbocho

Ku Jimbocho, dera la mumzinda wa Tokyo lotchuka ndi mabuku akale, masitolo ambiri a mumsewu wa Yasukuni-dori anayang'ana kumpoto kuti dzuwa lisawononge katundu. Ine mabuku sindinawapitire. Ndinkafuna bijin-ga, zithunzi za akazi okongola zodindidwa ndi matabwa osema, makamaka za mtundu wa shin-hanga, womwe wofalitsa Watanabe Shozaburo anauyambitsa cha m'ma 1915.

Zithunzi zamtengo sazipachika poyera ayi. Zimakhala m'madilowa, ndipo wogulitsa amakutulutsirani chimodzichimodzi ngati wanyamula khanda.

Chomwe chinandiimitsa nthawi yaitali ndi cha Hashiguchi Goyo cha mu 1920, cha mkazi akupesa tsitsi lake lalitali. Mwina munachionapo pa intaneti: Steve Jobs ankasonkhanitsa zithunzi zoterezi, ndipo nkhope ya mkaziyu inaoneka pa kompyuta ya Macintosh itangotuluka mu 1984. Koma pafoni simungaone zomwe ndinaona nditawerama. Tsitsi lija silinajambulidwe ndi cholembera papepalapo. Mmisiri anatenga thabwa la mtengo wa cherry n'kusema, kuchotsa mtengo uku ndi uku, kusiya kamzere kotukuka koonda ngati tsitsi lenileni. Kenako kena pambali pake, kenanso. Mpeni ukaterereka pang'ono pokha, kamzereko kaduka. Mtundu uliwonse uli ndi thabwa lakelake, ndipo wodinda amatikita pepala kumsana ndi baren, kachipangizo kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi, osaphonya mzere ngakhale kamodzi. Aliyense amatchula Goyo, Ito Shinsui kapena Torii Kotondo. Kunena zoona, ine chipewa ndimavulira wosemayo.

Nanga mitengo imasiyaniranji chonchi, chithunzi chili chimodzimodzi? Goyo anamwalira mu 1921 atatulutsa zochepa chabe. Pa 1 September 1923 chivomezi ndi moto zinasakaza Tokyo, ndipo sitolo ya Watanabe inapsa pamodzi ndi matabwa komanso zithunzi zomwe zinalimo. Choncho chilichonse chodindidwa chivomezi chisanachitike n'chosowa, mtengo wake ngoboola m'thumba. Zambiri zomwe mungazipeze lero anazidinda pambuyo pake, zina ndi matabwa osemedwa mwatsopano.

Apa ndi pomwe ndalama za munthu zimalowera m'madzi. Pemphani kuti akutembenuzireni pepalalo. Chodindidwa ndi manja, utoto umaonekera kumsana, nthawi zina ndi mikwingwirima ya baren. Cha makina kumsana kumangoti mbee. Koma zimenezi sizikuuzani chaka. Chaka mumachidziwira pa tizidindo ta m'mphepete ndi mtundu wa pepala, ndiye funsani mosachita manyazi kuti anachidinda liti, ndipo akulembereni pa lisiti.

Chinthu china chinkandivuta mumtima ndikuvundukula madilowawo. Akaziwa onse ndi odekha, akusamba, akudzola, akuyang'ana pagalasi, palibe wotopa kapena wokwiya. Ambiri owajambula anali amuna, ndipo ogula ochuluka anali a ku America ndi ku Ulaya omwe ankafuna Japan wa m'maganizo mwawo.

Ndinagulabe chimodzi, cha matabwa atsopano koma chodindidwa ndi manja. Wogulitsa ananena yekha ndisanafunse, n'kuchimata pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike m'chikwama.